Ma save 300 ndi ma win 300 si zofanana ayi achimwene

Achimwene ena amene akukhala ku Indiana ku America anditumizira imelo, akuti anayamba kuonera baseball chifukwa kuntchito kwawo nthawi ya lanchi nkhani imangokhala yomweyo. Funso lawo mwachidule ndi ili: "Ndimamva zoti pitcha woyambitsa gemu akafika ma win 300 ndiye kuti walowa kale mu Hall of Fame, nanga bwanji aja olowa kumapeto ena ali ndi ma save oposa 300 koma sawawerengera? Kumeneku si kukondera?" Pitcha ndi woponya mpira kwa omenya, ndipo Hall of Fame ndi malo olemekezerako osewera opambana kwambiri mu mbiri ya baseball.

Achimwene, ine ndikuti si kukondera, manambalawa angofanana polemba basi koma thukuta lake ndi losiyana kutalitali.

Woyambitsa gemu, amene amati starter, kuti alembedwe win ayenera kuponya ma inning (zigawo za gemu) osachepera 5 pa 9 aja, achoke timu yake ikutsogola komanso anzake obwera pambuyo asataye chigonjetsocho. Amaponya kamodzi pa magemu asanu aliwonse, ndiye pa sizoni yonse amaoneka ka 32 kapena ka 33, ndipo kuti afike 300 ndiye kuti azipata ma win 15 chaka chilichonse kwa zaka 20 mkono osamuvuta. Nchifukwa chake mu mbiri yonse ya MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, alipo anthu 24 okha amene anafikapo, womaliza ndi Randy Johnson mu 2009 ndipo anali ndi zaka 45. Cy Young ndi ma win ake 511 tingomusiya, inali nthawi ina imeneyo.

Save ndi yobwera posachedwa. Anaiyambitsa ndi mtolankhani wa ku Chicago dzina lake Jerome Holtzman, ndipo ligi inayamba kuiwerengera mwalamulo mu 1969. Njira yodziwika yoipezera ndi yoti walowa timu yako ikutsogola ndi ma run (zigoli za baseball) osaposa 3, waponya inning imodzi, wamaliza gemu mwapambana, basi save yalembedwa. Anthu atatu okha kuwatulutsa. Closer, pitcha wolowa kudzamaliza gemu uja, wa timu yabwino amatha kutola 40 pa sizoni imodzi, Francisco Rodríguez anatola 62 mu 2008, ndiye mukuona kuti 300 munthu atha kufika pa zaka zosakwana 10, moti odutsa nambala imeneyi ndi oposa 30 kale chikhalirecho anayamba kuwerenga mochedwa.

Koma pamene pamandikhudza kwambiri ine ndi pa ma inning. Mariano Rivera wa ku Panama uja, amene aliyense amavomereza kuti panalibe closer womuposa, anasewera ku New York Yankees kuyambira 1995 mpaka 2013, ma save 652, koma ma inning ake onse sanafike ndi 1,300 omwe. Greg Maddux, mwini ma win 355, anaponya oposa 5,000. Ndiye taganizani, starter amakumana ndi omenya omwewo katatu mu gemu imodzi, amuwona kale mmene mpira wake ukukhotera, iyenso watopa, ayenera kukhala ndi mitundu itatu kapena inayi ya kaponyedwe kuti aziwasokoneza, pamene closer amalowa ali ndi mphamvu zonse nkuponya ndi mtima wonse kwa mphindi zochepa. Rivera moyo wake wonse anadya ndi kaponyedwe kamodzi kotchedwa cutter. Ndipo iyeyo anayamba ngati starter mu 1995 zinthu sizinayende bwino, mpamene anamusamutsa. Ma closer ambiri nkhani yawo ndi yomweyi.

Musandimve ngati ndikuwanyoza ayi. Zili ngati kupatsidwa penate ya mphindi ya 90 sabata iliyonse, ukaphonya mudzi wonse ukudziwa kuti waluzitsa ndiwe. Rivera mu ma playoff, magemu olimbirana chikho, anaponya ma inning 141 ndi ERA ya 0.70, kutanthauza kuti pa ma inning 9 aliwonse samapereka ngakhale run imodzi yathunthu, pomenyana ndi matimu abwino okhaokha mu Okutobala. Nchifukwa chake mu 2019 anakhala munthu woyamba kuvoteredwa kuti alowe mu Hall of Fame ndi atolankhani onse 425 osatsalako mmodzi, zimene sizinachitikepo kwa starter aliyense. Ndiye khomo silotseka, kungoti reliever, pitcha wolowa gemu ili mkati, amafunika akhale woopsa zedi osati wabwino chabe.

Onani mmene ena anavutikira. Hoyt Wilhelm ndiye anatsegula njira mu 1985. Trevor Hoffman ndi ma save ake 601 analowa mu 2018 paulendo wachitatu wa mavoti. Lee Smith, ma save 478, atolankhani anamukana zaka 15 mpaka komiti ina inachita kumulowetsa mu 2019. Billy Wagner wa ma save 422 analowa mu 2025 pa mwayi wake womaliza, ndipo apa pokha ndikuvomerezani kuti anamuzunza munthu, chifukwa omenya amangopukusa mitu akakumana naye. Kwa ine mzere wofanana ndi ma win 300 si ma save 300, mwina 500, ndipo odutsa pamenepo sizoni ya 2025 isanayambe anali awiri okha, Rivera ndi Hoffman.

Chinanso, anzanu akuntchitowo asakunamizeni kuti ma win ndiye muyeso wangwiro, chifukwa win imadalira ngati anzako amenya ma run. Jacob deGrom mu 2018 anali ndi ma win 10 okha koma ERA ya 1.70 ndipo anatenga mphoto ya Cy Young, yopatsidwa kwa pitcha wopambana pa sizoni. Masiku ano makochi akumachotsa starter pa inning ya 5 kapena 6, ndiye 300 ija sindikuona wina akuifikanso posachedwapa. Anthu akuyang'ana kwambiri ma strikeout (kutulutsa womenya polephera mipira itatu) 3,000, pamene Clayton Kershaw anafika mu Julaye 2025 nkukhala munthu wa nambala 20, ndipo palibe reliever weniweni amene anayandikirapo.

Mukafuna munthu woti muyezerepo ntchito ziwirizi mwachilungamo fufuzani za Dennis Eckersley, ma win 197 ndi ma save 390, komanso John Smoltz wa ku Atlanta amene anali ndi ma win 213 ndi ma save 154. Smoltz anakhala closer kwa masizoni atatu athunthu ndipo mu 2002 anatola ma save 55, koma mkono utachira bwinobwino anabwerera kukayambitsa magemu mu 2005.