Ampulifaya ya machubu yongomanga kumene: yezani kaye musanagule kanthu

Achimwene aku Kasungu, mwati ampulifaya mwamanga nokhayo, ya chubu chimodzi cha 12AX7 ndi machubu awiri a EL84 (machubuwa ndi timabotolo tagalasi tokweza mawu), idapsereza fyuzi tsiku loyamba, ndipo mutaika ina machubu akuyaka koma sipika ya kumanzere ili zii, ya kumanja ikung'ung'uza, kwinaku EL84 imodzi ikufiira mkati. Mwafunsa ngati muitanitse machubu ena. Ndalama zanu sungani kaye. Pa chinthu chongomanga kumene, kawirikawiri cholakwa chimakhala waya wopita pa phini lina, resistor yoikidwa pamalo pa inzake, kapena poti solder sinagwire. Ndipo musaiyatsenso kuti "mumve ngati yasintha", chifukwa chubu chofiiracho chikutha mphindi iliyonse.

Musanalowetse dzanja, dziwani kuti ma capacitor akuluakulu aja amasunga magetsi opitirira 300V ngakhale mutazula pulagi. Zulani pulagi, tengani resistor ya 10k ya 5W yokhala ndi mawaya okutidwa bwino, mbali imodzi muipanitse pa chassis (bokosi lachitsulo la ampulifayayo), inayo mukhudzitse pa + ya capacitor iliyonse kwa masekondi 20 kapena 30. Kenako yezani ndi mita yanu pa DC, mugwire pokhapokha atatsika pansi pa 10V. Zogwiritsa sikuludiraiva kuti zithetheke zija ayi. Poyeza ili yoyaka, waya wakuda wa mita ukhale wopanidwa pa chassis, mugwiritse dzanja limodzi, linalo m'thumba, mutavala nsapato.

Yambirani pomwe magetsi amalowera. Athu kuno ndi 230V, 50Hz, koma thiransifoma zambiri za m'zida zochokera kunja zimakhala ndi mbali ziwiri za 115V. Kwa ife mbalizo zimalumikizidwa motsatizana, mathero a imodzi pa chiyambi cha inzake, osati mophatikiza. Onani pepala lake la malangizo. Umboni wosavuta uli pa heater, kawaya kotenthetsa chubu: magetsi ake ayenera kukhala pafupi ndi 6.3V AC, kuyambira 6.0 mpaka 6.6 palibe vuto. Ngati apo pali bwino, fyuzi yoyamba ija mwina inali yamtundu wopsa msanga. Ampulifaya ya machubu imafuna yochedwa kupsa, yolembedwa T, ya mlingo womwe pepala lanenera pa 230V. Chizolowezi chathu chomanga kawaya pa fyuzi chikupserezerani thiransifoma, chomwe ndi chodula kuposa zonse m'bokosimo.

Pangani choyesera cha babu. Ndi babu lakale lija la kawaya mkati, la 60W kapena 100W, loikidwa pa waya wa live kuti magetsi adutse m'babumo asanafike mu ampulifaya. La LED kapena la energy saver silingagwire ntchitoyi, ndipo akalewo asowa masiku ano, ndiye funsani kwa okonza mawailesi ndi ma TV pamsika. Zulani machubu onse, yatsani. Babu likangophethira n'kuzilala, zili bwino. Likawala osasiya, pali pogundana: onani ngati ma diode a 1N4007 kamzere kawo kaloza komwe pepala lasonyeza, ndiponso ngati capacitor ina simunaitembenuze. Thiransifoma yotulutsa 250V AC imapereka pafupifupi 350V DC machubu kulibe, motero ma capacitor akhale a 400V kapena 450V.

Tsopano ku mapini, komwe ambiri amagwera. Mukayang'ana soketi ya chubu chapansi, kumene mumawotcherera, mumawerenga kuyambira pampata potsata momwe wotchi imayendera. Mukayang'ana chapamwamba zimatembenuka. Pa EL84, phini 2 ndi grid, 3 ndi cathode, 4 ndi 5 ndi heater, 7 ndi plate, 9 ndi screen (awa ndi maina a zigawo za mkati mwa chubu). Pa 12AX7 muli machubu awiri m'galasi limodzi: 1, 2, 3 ndi plate, grid, cathode za mbali imodzi, 6, 7, 8 za mbali inayo. Kuti iyake pa 6.3V, mapini 4 ndi 5 amalumikizidwa pamodzi n'kupita ku waya umodzi, phini 9 ku waya winawo. Mukaiwala kulumikiza 4 ndi 5, theka limodzi lokha ndi lomwe limatentha, ndipo poti mbali iliyonse ya nyimbo ili ndi theka lake, sipika imodzi imakhala chete pamene chubu chikuoneka choyaka. Kumanzere kwanuko ndikadayambira pamenepo.

Bwezerani machubu, koma masipika onse awiri akhale olumikizidwa, kapena resistor ya 8 ohm ya 10W m'malo mwake. Ampulifaya ya machubu siyatsidwa popanda sipika, thiransifoma ya output, yopita ku sipika, imaonongeka. Yezani mbali zonse ziwiri n'kumalemba pa pepala, poti mbali yogwira ndiyo ikuuzeni zomwe inzake ikusowa. Ngati 12AX7 ili ndi resistor ya 100k pa plate ndi ya 1.5k pa cathode, cathode ikhale ndi 1V mpaka 1.5V, ndipo plate ikhale yotsika ndithu poyerekeza ndi mbali ina ya 100k ija. Mukapeza mbali zonse za resistoryo zili chimodzimodzi, theka limenelo silikukoka magetsi: heater yake sikuyaka kapena cathode sinafike ku ground (waya wa 0V wa ampulifayayo).

Za kufiira kwa EL84, zimatanthauza kuti ikukoka magetsi opitirira muyeso, ndipo plate yake imapirira 12W basi. Ndi resistor ya 150 ohm pa phini 3, muyembekezere pafupifupi 7V, omwe mukagawa ndi 150 ndi 47mA. Pa phini 2 pazikhala 0V DC. Mukapezapo magetsi a +, capacitor yochokera ku plate ya 12AX7 ikudontha kapena kadontho ka solder kailambalala. Onaninso kuti resistor ya 470k yochoka pa grid kupita ku ground ilipo ndipo yagwira, komanso kuti capacitor yaing'ono ya pa cathode + yake yaloza ku phini 3. Ikatembenuka imafa n'kulumikiza cathode ku ground, chubu n'kufiira pompo. Mitundu ya pa ma resistor musaikhulupirire mukamagwira ntchito madzulo ndi tochi ya foni: pa za mizere inayi, 470k ndi 470 ohm zimasiyana kamzere kamodzi kokha, kachikasu ndi kabulawuni. Nyamulani mwendo umodzi muyeze.

Kung'ung'uza kuli mitundu iwiri. Kwapansipansi, kwa 50Hz, kumachokera ku mawaya a heater kapena ku ground. Mawaya a heater apotedwe ngati chingwe, agone m'mphepete mwa chassis, kutali ndi mapini 2 ndi 7 a 12AX7. Ngati thiransifoma ilibe waya wapakati wa heater, ikani ma resistor awiri a 100 ohm, imodzi kuchoka pa waya uliwonse kupita ku ground. Kokwererako, kwa 100Hz, n'kwa ma capacitor akuluakulu aja a filter. Zulani chilichonse cholowetsa nyimbo, mulumikize input, polowera nyimbopo, ku ground. Phokoso likatha, vuto lili pa chingwe kapena pa chomwe mwalumikizacho. Waya wa earth umangidwe ndi bawuti yakeyake pa chassis mutapala penti, ndipo yezani ngati soketi ya m'nyumba mwanu ili ndi earth, chifukwa m'nyumba zina adangokoka mawaya awiri. Ngati mukuyesera pa inverter ya sola yomwe si ya pure sine, kulira kwa zzz sikungathe ngakhale mutamanga bwino chotani.

Pomaliza yang'anani solder paliponse padzuwa. Pogwira bwino pamakhala posalala, solder itayenderera pa phini ndi pa waya. Pomwe yaundana ngati kambewu, tenthetsaninso mpaka isungunuke yonse. Ampulifaya ili yozima ndi yokhetsedwa magetsi, kokani waya uliwonse pang'ono ndi pulayala.

Mukatha, tilembereni manambala awa a mbali zonse ziwiri: heater, + ya capacitor yoyamba, mapini 2, 3, 7 ndi 9 a EL84 iliyonse, ndi 1, 3, 6, 8 a 12AX7, limodzi ndi chithunzi cha masoketi chojambulidwa chapansi.