Kodi ndisamukire ku Lusaka kuti kafukufuku wanga ayende?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mphunzitsi wina wa pa koleji ina kuno ku Chipata. Dzina lake ndasunga. Analemba kuti: "Ndinamaliza masters ya zaulimi zaka 2 zapitazo. Makalasi andipanikiza, ndipo sindinasindikizepo pepala ngakhale limodzi. Anzanga amene anatsala ku Lusaka ayamba kale PhD. Kodi ndisamuke? Nanga anthu ochita nawo kafukufuku ndiwapeza kuti?"

Mng'ono wanga, musayambe kumanga katundu. Anthu a ku yunivesite ya UNZA ku Lusaka, ngakhalenso ochokera kunja, amatha tsiku lonse pa Great East Road, ulendo wa makilomita oposa 550, kuti adzafike pamene inu mumagona. Chimene amatsatira ndi minda, alimi ndi nkhokwe. Inu zonsezi zili pakhomo, chilankhulo mumachidziwa, ndipo mukudziwa mmene munthu amagwadira pamaso pa anyakwawa asanayambe kufunsa mafunso m'mudzi. Chuma chanu pamalonda amenewa n'chimenecho.

Yambani ndi Msekera, siteshoni ya ZARI (bungwe la boma la kafukufuku wa zaulimi) imene ili kunja pang'ono kwa tauni. Nshawa za MGV4 zimene alimi ambiri amabzala, M wakeyo akuimira Msekera. Mbewu yomweyo ku Malawi amaitcha CG7, ndipo inadzera m'manja mwa akatswiri a ICRISAT (bungwe lofufuza za mbewu m'maiko ambiri) a ku siteshoni ya Chitedze, pafupi ndi Lilongwe. Mwaona? Mgwirizano mukuufunawo unayamba kale kudutsa pa boda ya Mwami. Ndipo tisaiwale kuti Lilongwe ali pafupi nafe kuposa Lusaka: makilomita osafika 150, ndiye kuti Chitedze ndi yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda mutha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Koma musapite chimanjamanja n'kumati "ndikufuna tizigwirira ntchito limodzi". Mawu amenewo wasayansi wotanganidwa amangowagwedezera mutu, basi zathera pomwepo. Pitani ndi funso limodzi laling'ono lolembedwa patsamba limodzi. Mwachitsanzo: chuku chimene chimabweretsa poizoni wotchedwa aflatoxin chimachuluka pati, pa nshawa zosungidwa ndi makoko kapena zoswa kale? Lembani midzi imene mungafikeko, ophunzira angati angakuthandizeni, ndi chimene mukusowa, monga labu yoyezera. Munthu akaona kuti theka la ntchito mwasenza kale, amasendeza mpando.

Tsopano pali nkhani imene ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ine inandiwawa. Nditangoyamba kuphunzitsa, kunabwera gulu lina la ofufuza. Ndinawamasulira mafunso onse m'Chinyanja, ndinasintha ena amene akanakhumudwitsa azimayi, ndinayenda panjinga yamoto m'midzi ya ku Katete masabata 3, fumbi mpaka m'mano. Ankandipatsa alawansi tsiku lililonse, ine n'kumasangalala. Patapita zaka 2 pepala linatuluka. Ndinafufuza dzina langa pamwamba, palibe. Ndinalipeza kumapeto kwenikweni, pamzere wothokoza, pambali pa dzina la dalaivala. Sindinawafunsepo pachiyambi, manyazi anandigwira, ndinkaona ngati kufunsa za dzina n'kusowa ulemu.

Inu funsani tsiku loyamba, ndipo yankho likhale pa imelo. Malangizo a ICMJE (komiti ya akonzi a magazini azachipatala), amene magazini ambiri azasayansi amatsatira, amati wolemba ndi amene wathandiza kwambiri pokonza kafukufuku, potolera kapena posanthula deta, walemba nawo kapena kukonza pepalalo, wavomereza lomaliza, ndiponso ndi wokonzeka kuliyankhira. Amanenanso kuti amene wagwira gawo loyambalo apatsidwe mpata wochita nawo magawo enawo. Choncho nenani mosabisa: "Ndikufuna ndione nawo deta, ndilembe gawo la njira imene tinatsata, ndipo dzina langa likhale pa olemba." Gwirizananinso kuti kope ya detayo itsala kwa ndani. Wokana zimenezi akufuna womasulira, ndiye mulipiritseni ngati womasulira.

Zina ndi zazing'ono, muzichite sabata ino. Tsegulani ORCID, nambala yodziwikira wofufuza pa intaneti, n'yaulere. Funsani woyang'anira laibulale ngati koleji yanu inalembetsa ku Research4Life, pologalamu yowerengera magazini azasayansi pa intaneti, kumene kuli AGORA ya zaulimi ndi Hinari ya zaumoyo. Werengani za anzathu a mu Africa pa AJOL, tsamba la pa intaneti la magazini azasayansi a mu Africa. Malaiti akayaka, koperani mapepala ambiri nthawi imodzi kuti muziwerenga akathima. Muziyang'ananso zolengeza za RUFORUM (mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa zaulimi) ndi za National Science and Technology Council (bungwe la boma loona za sayansi).

Chenjerani ndi maimelo oyamba ndi "Dear esteemed Professor" pamene inu simunafike n'komwe pa udokotala, olonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukangotumiza madola. Yang'anani kaye ngati magaziniyo ilipo pa DOAJ, mndandanda wa pa intaneti wa magazini ounikidwa, kapena funsani amene anakuyang'anirani pa masters. Kodi iwowo munawalembera liti? Thesis yanu ija ili pashelefu ndiyo pepala lanu loyamba, ingofunika kuisenga. Apempheni kuti mulembe nawo.

Za PhD, inde, mwina tsiku lina mudzachoka, kaya ku Lusaka, ku Bunda kapena ku yunivesite ya Makerere ku Uganda. Koma wofika ndi pepala limodzi ndi deta ya nyengo imodzi yokolola amalandiridwa mosiyana ndi wofika ndi satifiketi yokha.

Musaiwale chilolezo. Kafukufuku wofunsa anthu amafuna komiti yoona za chilungamo pakafukufuku ivomereze kaye, ndipo akakhudza zaumoyo, amadzeranso ku National Health Research Authority malinga ndi lamulo la 2013. Mapepala amenewa sathamanga. Nshawa kuno zimakumbidwa cha mu Epulo ndi Meyi, ndiye ngati mukufuna kuyeza zokolola za chaka chino, pempho lanu lichoke m'manja mwanu Januwale asanathe.