Shelefu yomasula posamuka: bawuti ilowe pati?

Aphunzitsi ena a ku Lizulu anditumizira imelo. Akuti asamutsidwa katatu, ndipo ulendo uliwonse shelefu yawo yokhoma ndi misomali imatsika pa lole itagwedera. Anauza kalipentala awapangire ya mabawuti yoti azimasula, koma thabwa linang'aluka kunsonga. Funso lawo ndi lakuti chinalakwika n'chiyani.

Aphunzitsi, ndikukhulupirira kuti bawutiyo inalowera kumutu kwa thabwa, motsata mitsempha ya mtengo. Kumeneko paini sagwira, mukangolimbitsa amang'ambika ngati nkhuni. Bawuti idutse mopingasa, ndipo isasenze yokha katundu.

Ine ndimatere. Pa matabwa awiri oimirira a m'mbali ndimamangapo timatabwa ta mamilimita 20 kwa 40, kalikonse ndi mabawuti awiri a M6 (onenepa mamilimita 6), shelefu n'kukhala pamwamba pake. Bowo likhale la mamilimita 6.5 kuti bawuti ilowe osamenya ndi hamala, komanso litalikire kunsonga ndi masentimita 4. Washa musaumire, ikani uku ndi uku. Paini ndi wofewa: nati yopanda washa imamira m'thabwa, pakatha mwezi mumaipeza ikuzungulira yokha m'kadzenje kake. Ngati timatabwato sitikukusangalatsani m'maso, pali nati yonga kambiya yotchedwa cross dowel. Imalowa m'bowo la mamilimita 10 pansi pa shelefu, bawuti yochokera m'mbali n'kukailuma. Imeneyi ndiyo imalola bawuti kudzera kumutu bwinobwino, koma mabowo awiriwo akaphonyana pang'ono thabwa lawonongeka, ndiye yambani mwayesa pa chidutswa.

Mabuku ndi olemera. Thabwa la mamilimita 20 lisapitirire masentimita 80 lopanda mchirikizo pakati, apo ayi lichita chigoba. Kumbuyo ikani pulayiwudi wa masikuluu, ndiye amaletsa shelefu kupendamira kumbali.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi matabwa aawisi. Kuno ku Dedza paini tili naye, koma nthawi zambiri amagulitsidwa akudontha utomoni, ndipo ndi kuzizira kwathu kuno sauma msanga. Shelefu yanga yoyamba ndinaimanga mu June ili nganganga, pofika October ndinkalowetsa ndalama yachitsulo pampata wa mfundo, polumikizana matabwa. Sanjani matabwawo pamthunzi, timitengo pakati pake kuti mphepo izidutsa, akhale masabata angapo. Mukamanga, dzabwerezeni kulimbitsa manati ndi sipanala ya 10 nyengo yotentha ikafika.

Tsiku losamuka lembani manambala ndi pensulo pa mfundo iliyonse musanamasule, mabawuti muwaike m'kajumbo n'kukamangirira pa thabwa limodzi.