Mapu osonyeza mapiri ndi zigwa amafotokozanso mbiri ya ku Mulanje ndi Phalombe

Bambo, mwafunsa ngati pali phindu lililonse kugula mapu a papepala osonyeza mapiri ndi zigwa pamene Google Maps ili kale pa foni, makamaka poti mukufuna kuyendera malo akale a ku Mulanje ndi Phalombe. Phindu lilipo ndithu, chifukwa foni imakulozerani msewu, koma mapu amenewa amakuonetsani chifukwa chimene anthu akale ankadzera pamalo ena n'kusiya ena.

Mapu oyenera kufunsa ku Dipatimenti ya Surveys, nthambi ya boma yoyeza malo, ndi a sikelo ya 1:50,000, amene masentimita awiri papepala amaimira kilomita imodzi pansi. Chofunika kwambiri pa mapuwa ndi mizere yofiirira yokhotakhota, imene imagwira ntchito ngati akalozera m'munda wa pamtsetse: mzere uliwonse umadutsa malo okhawo amene ali pamsinkhu umodzi. Pamene mizereyi yatalikirana, malowo ndi athyathyathya. Pamene yathithikana mpaka kuoneka ngati yakhudzana, monga kumbali ya kumadzulo kwa nsonga ya Chambe pa phiri la Mulanje, dziwani kuti pamenepo ndi phompho. Mizere ikapinda mosongoka podutsa mtsinje, nsonga yakeyo imaloza kumene madzi akuchokera, ndipo mukazolowera zimenezi mudzatha kutsata Likhubula kapena Ruo mpaka ku magwero ake musananyamuke pakhomo.

Tsono yang'anani kumpoto chakum'mawa kwa phiri la Mulanje, pamene mizere yothithikana ya phirili ndi ya phiri la Mchese imasiya kampata kopapatiza pakati pawo. Aliyense wochokera ku chigwa cha Phalombe amene ankafuna kulowera kum'mawa, cha ku Mozambique, popanda kukwera phiri kapena kulizungulira, ankayenera kudzera pampata umenewu, ndipo amalonda a akapolo ndi minyanga ya njovu opita kugombe la nyanja ya mchere ankadzeranso pomwepo. N'chifukwa chake boma la atsamunda, pansi pa Harry Johnston, linamanga linga la asilikali la Fort Lister pamenepo mu 1893. Kwa ine apa ndi pamene mapu amaposa buku, popeza munthu akaona mizereyo amamvetsa yekha kuti asilikali ochepa okhala pampatapo akanatha kutseka njira yonse, ndipo akafika pa mabwinja a lingalo amadziwa kale chimene akuyang'ana.

Pali zina zofunika kusamala nazo. Mapu ambiri akale anajambulidwa kuchokera pa zithunzi za m'ndege zaka zambiri zapitazo, ndipo ena amayeza kutalika kwa mapiri m'mafiti, choncho musadabwe kuona pa Sapitwa nambala yoposa 9,800 pamene munaphunzira kuti nsongayo ndi ya mamita 3,002. Mayinanso ndi akale: Mlanje ndi Cholo m'malo mwa Mulanje ndi Thyolo, Port Herald m'malo mwa Nsanje, Fort Johnston m'malo mwa Mangochi. Komanso mapu amenewa anayezedwa potsata dongosolo la manambala olozera malo lotchedwa Arc 1950, pomwe GPS ya pa foni imatsata lina lotchedwa WGS 84, kotero kuti mukangokopera manambala osasintha dongosololo mukhoza kuphonya malo ndi mamita mazana angapo, mtunda umene pa phiri la nkhungu ngati Mulanje ungamuike munthu pangozi.

Kukalamba kwa mapuwa n'kumenenso kumawapatsa mtengo kwa wofufuza mbiri. Pamene pajambulidwa nkhalango lero mungapezepo minda ya chimanga, ndipo kanjira kodukizaduka kopita kumene kulibe mudzi kawirikawiri kamasonyeza kuti anthu anasamukako. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, zigumula zinasintha makwawa ambiri m'mbali mwa mapiriwa, choncho pena mtsinje sudzakhala pamene mapu akuuika.

Langizo langa ndi lakuti mukafika m'deralo muyambe mwakaonekera kwa a mfumu, muwayalire mapuwo pamphasa pamodzi ndi akuluakulu a m'mudzimo, ndipo mayina a zitunda, madambo ndi manda akale amene angakutchulireni muwalembe ndi pensulo pamalo pake penipeni, popeza oyeza malo aja sanalembe ambiri mwa mayina amenewa. Pokwera phirilo tengani munthu wodziwa njira wa ku Likhubula kapena wa ku Fort Lister komweko.