N'chifukwa chiyani katundu amakanizidwa pa Songwe pomwe tonse tili mu SADC?

Mayi wina wa ku Karonga, amene amachita geni ya nthochi ndi mpunga, wandilembera pa imelo kufunsa kuti: ngati Malawi ndi Tanzania onse ali m'bungwe la SADC, zinatheka bwanji kuti m'chaka cha 2025 katundu wake abwezedwe pachipata cha Songwe?

Mayi, funso lanu ndi lomveka. SADC, bungwe la mayiko a kum'mwera kwa Africa, inayamba mu 1980 ku Lusaka ndi dzina loti SADCC, ndipo kuyambira mu 2008 mayiko ake anagwirizana zochotsa msonkho pa katundu wambiri wopangidwa m'chigawo chino. Koma mgwirizanowo sunathetse mtima wa boma lililonse wofuna kuteteza alimi ake ndi ndalama zake zakunja. Mu Marichi 2025, ndalama zakunja zitasowa kwambiri, boma la Malawi linaletsa kulowetsa zinthu monga ufa, mpunga ndi zipatso. Mu Epulo, Tanzania inabwezera potseka chipata kwa zokolola za ku Malawi ndi za ku South Africa, n'kuletsanso feteleza kupita ku Malawi. Patangopita masiku ochepa chiletso cha Tanzania chinachotsedwa kuti mbali zonse zikambirane, koma nthochi zimene zinadikira padzuwa m'malole sizinadikire zokambiranazo: zinapsa, zinada, zinatayidwa.

Pali chinanso chimene amalonda ambiri sachidziwa. Malawi ali mu COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, koma Tanzania inatulukamo m'chaka cha 2000. N'chifukwa chake mnzanu wodutsa pa Mchinji kupita ku Chipata amatha kugwiritsa ntchito ndondomeko yosavuta ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, pamene inu pa Songwe mu 2025 mwayi umenewo simunkaupeza chimodzimodzi.

Maganizo anga ndi akuti cholinga choteteza mlimi wa mpunga wa ku Karonga n'chabwino, koma njira yotseka chipata mwadzidzidzi imatipweteka ifeyo kuposa anzathuwo. Dziko lathu lilibe doko. Mafuta a galimoto ndi feteleza wathu zimadzera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo amene uli naye pa mkangano ndi yemweyo amene ali ndi msewu wopita kunyanja. Mukamapitanso ku Kyela ku Tanzania, yambani mwafunsa kwa akuluakulu a pachipata ngati katundu amene mukufuna kupikula ndi wololedwa sabata imeneyo, musanapereke ndalama zanu.