Ministerium si unduna, achimwene

Achimwene, mwafunsa mmene mungamasulire liwu lakuti ministerium la m'kalata mwalandira; chonde musalembe "unduna" papulogalamu ya msonkhano wa abusayo. Pa za mpingo, ministerium ndi utumiki. Ndi Chilatini, kuchokera ku minister, wantchito wotumikira ena, ndipo muzu wake ndi minus, chochepa. Mnzake ndi magister, mphunzitsi, kuchokera ku magis, choposa. Pomasulira Baibulo m'Chilatini, liwu la Chigiriki lakuti diakonia analisandutsa ministerium. Tsegulani Aefeso 4:12 m'Buku Lopatulika mupeza "ntchito ya utumiki", osati ya unduna.

Chisokonezo chimabwera chifukwa Chingelezi chimati ministry pa zonse ziwiri, ndipo Ajeremani amati Ministerium potchula unduna wa boma. Ife tili ndi mawu awiri osiyana. Anzathu a Chishona kuno ku Harare nawonso amasiyanitsa, ushumiri kutchalitchi, bazi kuboma.

Koma anyamata osindikiza mapepala m'taunimu ndiye amatopetsa! Amangoponya mawu pafoni, chimene yalavula n'kusindikiza, osafunsa ngakhale mkulu wa mpingo mmodzi. Lamulungu m'mawa ku Mbare kapena ku Highfield mapepala agawidwa kale, kwaya yaimirira, amayi a Chigwirizano akuwerenga "Unduna wa Amayi" n'kumanong'onezana kuti nduna yake ndi iti. Mukabweza, akuti munavomereza nokha pa WhatsApp, lipiraninso. Ndalama ya chopereka imeneyo.

Pali tanthauzo lachitatu, ndipo mwina ndi lanulo. Kwa Alutheran ndi mipingo ina, ministerium ndi gulu la abusa odzozedwa, monga Pennsylvania Ministerium imene Henry Muhlenberg anayambitsa mu 1748. Ngati kalata mwalandirayo ikuti ministerium ikumana Lachiwiri, utumiki sungakumane. Lembani "bungwe la abusa". Kwa Akatolika amanenanso za utumiki wa anthu wamba, monga wowerenga mawu ndi wotumikira paguwa, zimene Papa Paulo VI anakonza mu 1972, ndipo Papa Francis anawonjezerapo akatekisiti mu 2021.

Yesani chonchi: m'malo mwa liwulo ikani "abusa". Chiganizo chikamveka, ndi bungwe. Chikapanda kumveka, ndi utumiki. Musanalipire, pemphani pepala limodzi loyesera, aliwerenge anthu awiri okula ndi Chichewa.

Komabe ngati abwera ndi alendo a mipingo ya Chishona ndi Chindebele, pamutu pa pepalalo ingosiyani Ministerium momwemo, Chichewa chikhale pansi pake. Ana athu obadwira ku Mufakose ambiri "bungwe" salidziwa n'komwe.