Mlamu wochokera ku Lesotho: ng'ombe, dzina latsopano ndi ana

Mayi wina watilembera kuti mchimwene wake amene amagwira ntchito ku Bloemfontein, m'dziko la South Africa, akufuna kukwatira mtsikana wa mtundu wa Basotho wochokera ku Lesotho. Akuchikazi atchula ng'ombe 20 komanso zoti mkwatibwi adzasintha dzina. Funso lake ndi lakuti: kodi kumeneko mkazi amatengedwa ngati ndani, ndipo uku si kugula munthu?

Mayi, yambani mwaika pambali zachikamwini. Kwa Achewa ambiri ana ndi akuchikazi ndipo mwinimbumba ndi malume. Kwa a Basotho mkazi amapita kuchitengwa, ndipo chimene ng'ombe zimasamutsa kwenikweni ndi ana, kuti awerengedwe kubanja la bambo. Malowolowa amawatcha bohali. Mlingo wamakolo ndi ng'ombe 20, nkhosa kapena mbuzi 10 ndi hatchi imodzi. Ndi ochepa amene amapereka zonse nthawi imodzi. Ambiri amapereka pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo masiku ano ankhoswe amagwirizana mtengo wa ng'ombe imodzi m'ndalama. Malamulo a Lerotholi, omwe ndi malamulo amwambo a ku Lesotho ndipo anayamba kulembedwa mu 1903, amavomereza ukwati ngati awiriwo afunana, makolo agwirizana za kuchuluka kwa bohali, ndipo gawo lina laperekedwa. Pamene pamavuta ndi apa: mchimwene wanu akangomutenga mtsikanayo osapereka kanthu, akuchikazi angathe kunena kuti anawo ndi awo. Kuthawitsa mtsikana kulinso ndi chindapusa chake cha ng'ombe 6. Choncho chilichonse chimene mwapereka chilembedwe, mboni za mbali zonse zisainire.

Mtengwa akafika, apongozi amamuphera nkhosa yotchedwa koae. Akadya nyamayo ndiye kuti walandiridwa, ndipo pomwepo amapatsidwa dzina, kawirikawiri loyamba ndi 'Ma, kutanthauza mayi wa uje, ngakhale mwanayo asanabadwe. Mkazi wa Mfumu Letsie III ya ku Lesotho anabadwa ali Karabo Motšoeneng, atakwatiwa mu 2000 anakhala 'Masenate, ndipo mwana wawo woyamba, wobadwa mu 2001, ndi Senate. Dzinali mudzasankha ndinu akuchimuna, ndiye likonzenitu. Kungomusiya ndi dzina lautsikana, abale ake angaone ngati simunamulandire. Musadabwenso mlamu wanu akamazemba kutchula dzina la apongozi aamuna, ngakhale mawu ofanana nalo. Ndi ulemu umene anaphunzitsidwa.

Ulemerero waukulu wa mkazi kumeneko uli pa umayi. Mwamwambo, mwana woyamba amakabadwira kwa makolo a mkazi, ndipo pakhomo la nyumba ya chikuta amazikapo bango kuti amuna asalowe. Bambo amauzidwa mwa chizindikiro: akathiridwa madzi ndiye kuti kwabadwa wamkazi, akamenyedwa ndi ndodo ndi wamwamuna. Mwambi wawo umati mayi amagwira mpeni kakuthwa, ndipo zinaonekadi m'zaka zimene amuna ambiri anali kumigodi ya ku South Africa, minda ndi ziweto zili m'manja mwa akazi. Chinamwali cha atsikana, lebollo, chilipo, koma si onse amavinidwa, makamaka a m'mipingo.

Mwambo unamupatsanso mkazi pothawira. Akazunzidwa amabwerera kwa makolo ake, ndipo mwamuna ayenera kumulondola, kukayankha mlandu, mwina n'kulipa.

Komabe sindikubisirani kuti mwambo womwewu unkamuyesa mkazi wokwatiwa ngati mwana wa mwamuna wake pa nkhani za katundu, ndipo apa panali kuponderezana. Lesotho inathetsa zimenezi ndi lamulo la 2006, lomwe linapatsa mkazi wapabanja mphamvu zofanana ndi za mwamuna. Pa ufumu zinthu zinatsalira. Mkazi wamasiye angathe kugwirizira mpando, monga anachitira 'Mantšebo, mkazi wamasiye wa mfumu yaikulu ya Basotho, kuyambira 1941 mpaka 1960, koma Senate Masupha, mwana wa mfumu ina ya m'dzikomo, atapempha kulowa ufumu wa bambo ake, makhoti anamukanira mu 2013 ndi 2014 chifukwa ndi mwana wamkazi.

Ankhoswe anu asananyamuke, afunse ngati banjalo likufuna ng'ombe zamoyo kapena ndalama, ndi kuti ndi zingati zofunika kuti bambo a mtsikana aphe ng'ombe yotsimikizira ukwati, popeza mabanja amasiyana pa chiwerengerochi.